Inchi imodzi imene imang'amba tayala: backspacing pa magalimoto amphamvu akale a ku America

Chevrolet Chevelle SS ya mu 1970, ija ya injini ya 454 yotchedwa LS6, inkatuluka m'fakitale ndi horsepower 450. Koma mukawerama n'kusuzumira pansi, mphamvu yonseyo inkatsikira pa matayala a F70-14, amene m'lifupi mwake ndi mamilimita pafupifupi 215, ofanana ndi amene lero ali pa galimoto wamba yoperekezera ana kusukulu. Pontiac GTO ya mu 1964, imene ambiri amati ndiyo inalambula njira ya magalimoto a mtundu umenewu, inali ndi owonda kuposa pamenepo, a 7.50-14. Woyendetsa akaponda mafuta mwaukali, matayala ankangopota pamodzimodzi, utsi tolotolo, galimoto ili chiimire.

N'chifukwa chake pafupifupi aliyense wogula Chevelle, Camaro, Mustang kapena Charger yakale amayamba ndi khumbo limodzi: matayala onenepa kumbuyo. Ndipo funso limene amafunsa ndi lakuti, "Kodi tayala lalikulu bwanji lingalowe?" Funsoli lili ndi mwendo umodzi. Tayala lomwelo la 275 (mamilimita 275 m'lifupi) limalowa bwinobwino pa galimoto ina, pomwe pa inzake ya chaka chomwecho limadyedwa ndi chitsulo tsiku loyamba lomwe. Chimene chasiyanitsa si tayala ayi, koma pamene rimu yaliimika m'mphako mwake. Muyeso umenewu sulembedwa pa tayala, ndipo a ku America amautcha backspacing.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Gwetsani rimu pansi chafufumimba, nkhope yake yokongola ija iyang'ane dothi. Gonekani chitsulo chowongoka kapena thabwa pamwamba, lidutse kuchokera mlomo wina kufika mlomo wina. Kenako tsitsani tepi kuchokera pa thabwalo mpaka pa malo afulati apakati paja, pamene pali mabowo a maboliti, pamene rimu imakhudzana ndi habu. Mtunda umenewo ndiwo backspacing. Ukakhala waukulu, ndiye kuti gawo lalikulu la rimu lili kuseri kwa habu, choncho tayala limalowa m'kati, kufupi ndi masipuling'i. Ukachepa, tayala limatulukira kunja, kufupi ndi mlomo wa madigadi. Ma pikiapu amene mumawaona m'tauni matayala ali tang'a kunja, akumwaza matope m'mbali mwa zitseko, ndi a backspacing yochepa.

Ku Ulaya ndi ku Japan chinthu chomwechi amachiyeza mwanjira ina. Iwo amayambira pa mzere wapakati penipeni pa rimu, n'kuona kuti malo omangira aja asuntha mamilimita angati kuchoka pamenepo. Imeneyo ndiyo offset, ndipo pa marimu ambiri imadindidwa kuseri pambuyo pa zilembo ET. Malo omangira akakhala pakati penipeni, offset ndi 0. Akasunthira kunkhope, offset imakhala ndi chizindikiro cha +, tayala n'kulowa m'kati. Akasunthira kuseri imakhala ndi chizindikiro cha −, ndipo rimu imaoneka yakuya ngati beseni.

Miyeso iwiriyi ikunena chinthu chimodzi, koma pali inchi yobisika pakati pake imene yadyetsa anthu ambiri ndalama. Rimu yolembedwa kuti 15x8 (15 ndi saizi ya rimu, 8 ndi m'lifupi mwake) si ya mainchesi 8 kuchokera kunja kufika kunja. Nambala 8 ija ndi ya m'kati, pakati pa makoma awiri pamene mkombero wa tayala umakhala. Milomo iwiri ija imawonjezera pafupifupi theka la inchi mbali iliyonse, ndiye rimu yonse ndi mainchesi 9. Tsono poti backspacing imayezedwa kuchokera ku mlomo wakunja, pakati penipeni pa rimu ya 15x8 ndi pa mainchesi 4.5, osati 4. Munthu amene waona "15x8, backspacing 4" n'kuganiza kuti imeneyo yaima pakati, walakwitsa ndi theka la inchi, ndipo theka limenelo lapita kunja kumene kuli mlomo wakuthwa.

Masamu ake ndi awa. Tengani m'lifupi mwa rimu, wonjezerani 1, gawani pawiri. Chimene mwapezacho chichotseni pa backspacing, yankho mulichulukitse ndi 25.4, mwapeza offset m'mamilimita. Rimu ya 15x7 ya backspacing 4 ili ndi offset 0. Ya 15x7 ya 4.25 ili pa +6. Rimu ya Rally ya 15x8 ya pa Corvette, imene anthu amakonda kuyisamutsira pa Camaro ndi Chevelle chifukwa maboliti amagwirizana, ili ndi backspacing 4, kutanthauza −13. Ya 15x10 imafuna 5.5 kuti iime pakati.

Apa pali msampha wina. Mukachoka pa rimu ya mainchesi 7 kupita pa ya 8 koma backspacing n'kukhala yomweyo, inchi yonse yowonjezerayo imapita kunja, m'kati simusintha kanthu. Mukasunga offset yomweyo, inchiyo imagawika, theka m'kati theka kunja. Wogulitsa akakuuzani kuti "ndi chimodzimodzi ndi zimene muli nazo, kungoti izi n'zotambalala", mufunseni kuti chimodzimodzi pa muyeso uti.

Ine ndimaona kuti pa magalimoto akalewa backspacing ndiyo yothandiza kwambiri, osati chifukwa chakuti a ku America amakakamira mainchesi, koma chifukwa ndi muyeso umene mungaugwire ndi dzanja. Mumagona pansi pa galimoto, mwaika tepi pa diramu, mwafika pa sipuling'i, nambala yake mwaiona. Offset imafuna mzere wapakati umene palibe amauona.

Tisanapite patali, za maboliti. Magalimoto a General Motors a gulu ili, monga Chevelle, GTO ndi Camaro, ali ndi maboliti 5 pa mkombero wa mainchesi 4.75, amene ndi mamilimita 120.65. Mustang za V8, komanso Charger, Road Runner ndi Challenger za Chrysler, zili ndi 5 pa mainchesi 4.5. Dart ndi Valiant za zaka za m'ma 1960 zili ndi kamkombero kakang'ono ka mainchesi 4, ndipo marimu ake ndi osowa. Tsono mainchesi 4.5 aja ndi mamilimita 114.3, muyeso womwewo umene uli pa Toyota, Nissan ndi Honda zambiri zodzaza m'misewu yathu. Munthu angaganize kuti basi, rimu ya pa Toyota ikwana pa Mustang. Mabowo agwirizanadi. Koma marimu a magalimoto amakono ambiri ali ndi offset ya +40 kapena +45. Rimu ya mainchesi 7 ya +45 ili ndi backspacing pafupifupi 5.8, pomwe Mustang yakale imafuna ya m'dera la 4. Tayala lingalowe m'kati ndi inchi ndi theka kapena kuposa, n'kukatsamira pa sipuling'i lisanazungulire n'komwe. Ndiponso bowo lapakati la rimu ya Toyota ndi mamilimita 60.1 okha, choncho mwina silingadutse pa mphuno ya habu. Za BMW nazo zimanyenga: 120 ndi 120.65 zimaoneka ngati mapasa, rimu imalowa, koma manati sakhala pakati pa mipando yake ndipo maboliti amakokedwa chopinda nthawi zonse. Si chinthu choika pa galimoto ya horsepower 400.

(Ndipo ngati mukumasula matayala a Dodge kapena Plymouth ya 1970 kapena ya m'mbuyo mwake, dziwani kuti manati a mbali yakumanzere amamasuka mozondoka. Pamutu pa boliti pamakhala chilembo L. Maboliti ambiri athyoka m'manja mwa anyamata amphamvu amene ankaganiza kuti ndi dzimbiri chabe.)

Chimene chimakhula si rimu

Anthu amathera nthawi pa manambala a rimu, chonsecho chimene chimayamba kukhudza chitsulo ndi mimba ya tayala. Tayala la 275/60R15 pa rimu ya mainchesi 8 limakhala pafupifupi mainchesi 11 pamene latumphuka kwambiri. Rimu ndi 9. Ndiye kuti mphira watuluka inchi imodzi kupitirira mlomo mbali iliyonse. Backspacing ikakhala 5, malo amene mukufunadi kuseri kwa habu ndi 6, tisanawerengere mpata wopumira.

M'lifupi umenewu suima pamodzi. Tayala lomwelo mukaliika pa rimu yotambalala ndi theka la inchi, limatambasuka ndi mamilimita pafupifupi 5. Mukalipanikiza pa rimu yowonda limabwerera, koma limatumphuka ngati bamusi ndipo pakati pake ndi pamene pamayamba kutha. Opanga matayala amalemba marimu amene saizi iliyonse imalola, ndipo si nzeru kudumpha malire amenewo. Komanso 275 wa kampani ina si 275 wa kampani ina. Ena ali ndi mapewa ozungulira, ena a makona, ndipo phewa la makona ndilo limakola mlomo wa madigadi pamene lozungulira likanadutsa.

Manambala akale aja amasokonezanso. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 matayala a ku America anayamba kulembedwa ndi chilembo patsogolo: E70, F70, G60, L60. Chilembocho chinkanena za kukula ndi katundu amene tayala lingasenze, nambala inkanena kutalika kwa khoma poyerekeza ndi m'lifupi. Palibe pamene pankalembedwa mamilimita. Lero anthu amafananiza F60-15 ndi 235/60R15, G60-15 ndi 245/60R15, L60-15 ndi 275/60R15, koma kumeneku n'kuyandikira chabe. Matayala a nthawi imeneyo, monga Polyglas a Goodyear ndi Wide Oval a Firestone, anali a ulusi wopingasa, makoma ake olimba ndi oongoka. A radial a masiku ano ali ndi makoma ofewa, amatumphuka pansi ndipo pokhota amapendekera m'mbali. Mpata umene unkakwanira mu 1969 ungachepe lero ngakhale saizi ikhale "yofanana".

Nawo mafakitale ankavutika ndi zomwezi. Ford itaika matayala a F60-15 pa Mustang Boss 302 mu 1969, inachita kupinda milomo ya madigadi kuti apite. Mu 1970 Plymouth AAR 'Cuda ndi Dodge Challenger T/A zinabwera ndi E60-15 kutsogolo ndi G60-15 kumbuyo, ndipo kumbuyoko kunali kokwezedwa pang'ono ndi masipuling'i opindika kwambiri. Kuika matayala osiyana kutsogolo ndi kumbuyo, chimene lero ambiri amachita, panthawiyo chinali chachilendo pa galimoto yotuluka m'fakitale.

Kutalika nako kuli ndi mlandu wake. Pa 275/60R15 khoma ndi 60 pa 100 alionse a 275, amene ndi mamilimita 165. Makoma awiri ndi 330, kuphatikiza rimu ya mamilimita 381, zonse 711, kapena mainchesi 28. La 235/60R15 ndi mamilimita 663, mainchesi 26.1. Mukachoka pa laling'onoli kupita pa lalikulu, pamwamba pa tayala pakwera ndi inchi imodzi, kukalowa kumene mphako yayamba kupanikizika. Wotchi ya liwiro imayamba kunama: ikamaonetsa 60, inu muli pa 64. Difu (magiya a pa ekiselo yakumbuyo) ya 3.73 imayamba kukoka ngati ya 3.48, ndiye galimoto imalemera ponyamuka koma injini imapuma pa msewu wautali. Amene akufuna kutambalala popanda kutalika amathawira ku 295/50R15, limene ndi mainchesi 26.6, koma pamenepo nkhondo yasamukira m'mbali.

Pansi pa galimoto iliyonse pali mdani wake

Camaro ya 1967 mpaka 1969, Mustang ndi magalimoto a Chrysler kumbuyo zili ndi masipuling'i a zitsulo zazitali zafulati, onga a pa Hilux. Sipuling'i imeneyi imadutsa m'mbali mwenimweni mwa khoma la tayala, ndipo kawirikawiri ndiyo imaika malire a backspacing. Pa Camaro palinso shoko, imene pansi pake imamangidwa kunja kwa sipuling'i, kufupi ndi rimu. Kuyambira mu 1968 Chevrolet inaika shoko imodzi kutsogolo kwa ekiselo ndi ina kumbuyo pofuna kuthetsa kudumphadumpha kwa matayala ponyamuka, choncho mbali ziwirizi sizifanana pansi. Camaro ya 1969 ili ndi mphako zotambalalako kuposa za 1967 ndi 1968, ndiye malangizo a galimoto ina musawasamutsire pa inzake ngakhale dzina ndi limodzi.

Chevelle ndi GTO zili ndi masipuling'i opiringizika okhala pamwamba pa ekiselo, imene imagwiridwa ndi mikono inayi. Palibe chitsulo chachitali chodutsa m'mbali mwa tayala, choncho malire ndi khoma lam'kati la mphako ndi chasisi. N'chifukwa chake Chevelle za 1968 mpaka 1972 zimameza matayala aakulu mosavuta kuposa Camaro, bola rimu ikhale ndi backspacing yokwanira. Apa m'pamene anthu amaphonya: malo ambiri ali m'kati, koma marimu otchipa amene amapezeka msanga ndi a backspacing 4 kapena 4.5, amene amakankhira tayala kunja kumene kulibe malo.

Ndiye pali nkhani ya zaka. Galimoto ya zaka zoposa 50 yadutsa m'manja mwa anthu ambiri, ndipo ekiselo imene ili pansi mwina si imene inabadwa nayo. Ya Mustang ya 1967 mpaka 1970 ndi yotambalala ndi mainchesi 2 kuposa ya 1965 ndi 1966, koma imamangika pa masipuling'i omwewo, ndiye wina akanaisintha zaka 30 zapitazo, tayala lililonse lili kunja ndi inchi imodzi inu osadziwa. Ya Chevelle ya 1968 kupita m'tsogolo nayo ndi yotambalala ndi pafupifupi inchi kuposa ya zaka zam'mbuyo. Ngakhale zonse zikhale zoyambirira, thupi la galimoto kawirikawiri silikhala pakati penipeni pa ekiselo. Mafakitale a ku Detroit ku America a nthawi imeneyo sankadandaula ndi kota ya inchi poti matayala anali owonda. Onjezerani ngozi yakale imene inakonzedwa mwachidule, masipuling'i otopa ndi mphira wa m'mabushi wofumbwa, mupeza kuti kumanzere kuli mpata wa chala chathunthu pomwe kumanja pepala silingadutse.

Pa chifukwa chimenechi, matebulo a "saizi yokwana" amene amafalitsidwa ndi ogulitsa marimu ine ndimawatenga ngati poyambira chabe. Amakuuzani dera limene yankho lili. Yankho lenileni lili pa galimoto yanu, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kayezedwe kake ndi kotere. Kwezani galimoto, muikhazike pa masitandi pansi pa ekiselo, osati pa chasisi, kuti kulemera kukhale pa masipuling'i monga ikakhala pa msewu. Chotsani tayala. Gonekani chitsulo chowongoka pa nkhope ya diramu, chitalike kufika pamene tayala latsopano lidzafike. Kuchokera pa chitsulocho yezani kulowa m'kati mpaka pa chinthu choyamba chimene mwagunda, kaya ndi sipuling'i, shoko, paipi ya utsi kapena khoma la mphako. Zungulizani chitsulocho kutsogolo, pamwamba ndi kumbuyo, chifukwa mphako si yozungulira bwino, ndipo mulembe nambala yaing'ono koposa. Kenako lendewetsani chingwe chomangirira nati kuchokera ku nsonga yam'kati ya mlomo wa madigadi, muyeze kuchokera pa diramu kufika pa chingwecho. Chitani mbali zonse ziwiri, ndipo mbali yopanikizika ndiyo ilamule.

Tiyerekeze kuti mwapeza mainchesi 6.75 m'kati ndi 5.75 kunja. Malo onse ndi 12.5. Tayala la 275 pa rimu ya 8 ndi mainchesi 11, ndiye otsala ndi 1.5, oti mugawe pawiri. Kuti tayala liime pakati pa mphako, mzere wake wapakati uyenera kulowa m'kati ndi theka la inchi kuchokera pa diramu. Imeneyo ndi offset ya +13, kapena backspacing 5 pa rimu ya 15x8, ndipo mbali iliyonse yatsala ndi 0.75. Tsopano ikanipo tayala lomwelo pa rimu ya 4.5: kunja kwatsala kota ya inchi yokha, ndipo bampu yoyamba muli ndi anthu kumbuyo idzalemba mzere pa khoma la tayala. Ikanipo Rally ya pa Corvette ija ya 4: tayala ladutsa mlomo ndi kota ya inchi, pamene m'kati mwatsala mainchesi 1.75 ongokhala. Mwini wake adzauza anzake kuti 275 salowa pa galimoto imeneyi, chonsecho malo analipo.

Mpata wosiyawo sufanana paliponse. Sipuling'i imayenda limodzi ndi ekiselo, ndiye pafupi nayo theka la inchi limakwanira. Thupi la galimoto ndilo limayenda palokha. Pokhota limasunthira m'mbali pamwamba pa masipuling'i, ndipo tayala limodzi likakwera pa chitunda linzake lili pansi, ekiselo yonse imapendekeka, mutu wa tayala lokweralo n'kuweramira m'kati. N'chifukwa chake galimoto ina imayenda mwakachetechete pa phula koma imalira "khwee" polowa pageti chopingasa. Ku thupi siyani pafupifupi magawo atatu a anayi a inchi, kapena inchi yathunthu ngati makoma a tayala ndi aatali.

Kutsogolo nkhani ndi ina

Tayala lakumbuyo limangokwera ndi kutsika. Lakutsogolo limakhotanso, ndiye limasesa malo aakulu. Mukapinda chiwongolero mpaka kumapeto, phewa lam'kati limafuna kukhudza chasisi kapena chitsulo choletsa galimoto kupendama pokhota, pamene phewa lakunja limayandikira ngodya ya madigadi. Backspacing ikachepa, tayala silizungulira pamalo pake koma limayenda uta waukulu, kupita kutsogolo ndi kumbuyo, n'kumagunda malo amene poyamba linali kutali nawo. Pa Mustang, mkono wapamwamba wogwira habu ndi mfundo yake zili pafupi kwambiri ndi mlomo wam'kati wa rimu ya 14 kapena 15, choncho backspacing yochuluka imakhula pamenepo. Chodabwitsa n'chakuti rimu ya 17 nthawi zina imalola backspacing yochulukirapo, poti mimba yake ndi yaikulu moti imavindikira zitsulo zimene rimu ya 15 ikanagundana nazo.

Koma kukhula si vuto lokhalo. Tayala lakutsogolo limakhota mozungulira mzere wodutsa pa mfundo yapamwamba ndi yapansi. Mzere umenewu ukafika pansi, umagwera penapake pafupi ndi pakati pa tayala, ndipo mtunda wa pakati pa malo awiriwa amautcha scrub radius. Pa magalimoto akalewa mzerewo umagwera kale m'kati mwa pakati pa tayala. Mukatulutsa rimu kunja ndi inchi, mtundawo wakula ndi inchi. Zili ngati kugwira khasu kunsonga kwa mpini wina akumenya kumutu: kadzenje kalikonse pa msewu kamapeza mphamvu yokupotolani manja. Chiwongolero chimalemera poimika, galimoto imatsata mikwingwirima ya phula, ndipo buleki ya mbali imodzi ikagwira kuposa inzake imakukokerani kumeneko mwamphamvu. Maberingi nawo amavutika. Habu yakutsogolo ili ndi beringi yaikulu m'kati ndi yaing'ono kunja, ndipo anaipanga kuti katundu wambiri agwere pa yaikuluyo. Rimu yotulukira kunja imasamutsira katundu pa yaing'ono. Choncho kumbuyo mungasewere ndi offset, koma kutsogolo ndi bwino kukhala pafupi ndi pamene fakitale inaika mzere wapakati wa tayala.

Mabuleki amasinthanso masamu. Magalimoto ambiri a zaka zimenezo anabwera ndi madiramu mawilo onse anayi, ndipo eni ake lero amaika madisiki. Zida zina zosinthirazi zimakankhira malo omangira rimu kunja ndi mamilimita angapo, ndiye amene anagula marimu poyamba, mabuleki pambuyo, amapeza kuti mpata wake wapita. Kalipa nayo, chitsulo chopanira disiki pogwira buleki, imafuna malo kuseri kwa masipoko ndi m'mimba mwa rimu, chinthu chimene backspacing sinena n'komwe. Marimu awiri a miyeso yofanana ndendende, ina ipita, ina ikhula kalipa, chifukwa cha mmene masipoko apindikira. Rimu ya Rally yomwe ija inabwera mu 1967 pa magalimoto a Chevrolet a mabuleki a disiki, poti marimu wamba a 14 sankadutsa pa kalipa. Dongosolo labwino ndi kuyamba mabuleki ndi masipuling'i, kutalika kwa galimoto kukhazikike, marimu pomaliza.

M'zaka za m'ma 1970 achinyamata a ku America anali ndi njira yawo yachidule. Ankagula marimu akuya a Cragar S/S, amene anayamba kugulitsidwa mu 1964, n'kuvekapo matayala a L60 kapena N50 otulukira kunja kwa thupi. Kuti madigadi asawadule, ankapopa mashoko a mpweya mpaka matako a galimoto kuloza kumwamba. Zinkaoneka zaukali, ndipo mpaka lero ena amazikonda chifukwa chokumbukira nthawi imeneyo. Koma kulemera kwa galimoto kunkachoka pa masipuling'i n'kupita pa timalo tomangira shoko, timene sitinapangidwire ntchito imeneyo, ndipo pa Camaro zambiri chitsulo cha pansi pa buti chinang'ambika. Paipi ya mpweya ikaphulika, thupi linkagwera pa matayala onse awiri nthawi imodzi.

Njira zamakono zimapita m'kati. Yopepuka ndi kupinda mlomo wa madigadi kuti ugone chafulati, zimene zimapatsa mwina theka la inchi. Pamafunika kutenthetsa penti pang'onopang'ono kuti isasweke, ndipo pa galimoto yosowa, ya mtengo wapatali, ambiri safuna n'komwe kuyerekeza. Yotsatira ndi kusunthira masipuling'i m'kati. Yaikulu ndi imene amaitcha mini-tub, kudula khoma lam'kati la mphako, kulisuntha mainchesi awiri kapena atatu n'kuwotcherera, kenako kufupikitsa ekiselo. Kufupikitsako n'kumene kumalola rimu yooneka yakuya, ya backspacing yochepa, kukhalabe pansi pa thupi, chifukwa habu yomwe yalowa m'kati. Camaro zimene mumaziona pa zithunzi zili ndi 315 kapena 335 kumbuyo zinadutsa pa mpeni umenewu.

Nanga ma sipesa, timbale tija toika pakati pa habu ndi rimu? Timachepetsa backspacing, sitingaiwonjezere. Rimu imene yalowa m'kati mopitirira ndi kota ya inchi mungaikonze ndi kambale. Imene yatulukira kunja ilibe mankhwala, kupatula kuigulitsa. Choncho mukakhala pakati pa miyeso iwiri, sankhani backspacing yochulukirapo. Kambale kamathandizanso pa galimoto ija ya thupi lopendekera mbali imodzi. Chofunika kusamala ndi maboliti: nati iyenera kuluma ulusi wotalika mofanana ndi kunenepa kwa boliti, kapena kuposa. Maboliti a General Motors a nthawi imeneyo ndi a 7/16 ya inchi, a Ford ndi a theka la inchi, ndipo onse anawapangira marimu achitsulo opyapyala. Rimu ya aluminiyamu ndi yochindikala pakati, ndiye mukawonjezera kambale, ulusi wotsala ungakhale wochepa kwambiri. Pamenepo pamafunika maboliti aatali.

Marimu akafika, musathamangire kuvekapo matayala, chifukwa ogulitsa ambiri salandiranso rimu imene yavekedwapo kale. Iyeseni yopanda tayala kutsogolo ndi kumbuyo, muizungulize ndi dzanja, muone kalipa, muyeze kuchokera ku milomo yake kufika ku zitsulo n'kuchotsapo mimba ya tayala. Zikakhala bwino, vekani limodzi lokha. Pakani choko pa makoma ndi pa mapewa ake, kwezani anthu awiri kumbuyo, pindani chiwongolero mbali zonse mukubwerera m'mbuyo, kenako kwerani chitunda chopingasa kuti ekiselo ipendekeke. Mukatsika, yang'anani pamene choko chafufutika, ndiponso m'mphako ngati muli malo amene ayamba kunyezimira.